Kulondola mawu akuti "kukhwima" m'nyuzipepala zakale za Chichewa

Munthu akamva pa wailesi lero kuti apolisi akhwimitsa chitetezo m'misewu, kapena kuti khothi lapereka chilango chokhwima kwa wakuba ng'ombe, saima kuti adzifunse kumene mawuwo anachokera, chifukwa makutu athu anawazolowera kale. Komatu mawu omwewa kumudzi amanena za chimanga chomwe chafika pokolola, za mtengo umene nkhwangwa imanjanja pougwetsa, ndiponso za munthu amene anthu amamunong'ona kuti anapita kwa sing'anga. Malangizo awa ndi a wophunzira, mphunzitsi, mtolankhani kapena womasulira amene akufuna kuona ndi maso ake momwe olemba nkhani akale ankagwiritsira ntchito mawuwa ponena za lamulo, chilango kapena wolamula wosanyengerera. Mfundo yoti muigwiritse kuyambira pachiyambi ndi yakuti tanthauzo la mawuwa m'nyuzipepala yakale simungalipeze ndi khutu lanu la lero lokha, koma poona chimene chikutchedwa chokhwima, amene wachikhwimitsa, ndi mwini nyuzipepala imene ikunena zimenezo.

Yambani ndi pepala lanu, musanatsegule nyuzipepala

Choyamba, lembani matanthauzo onse a mneni "khwima" amene mukuwadziwa, ndipo tanthauzo lililonse mulipatse chiganizo chake. Loyamba ndi la mbewu ndi zipatso, monga ponena kuti mtedza wakhwima, maungu akhwima, kapena nsungwi zakhwima moti n'kulukira nkhokwe. Lachiwiri limachokera pomwepo, ndipo ndi la kulimba kwa chinthu chimene chakhalitsa, monga mtengo wokhwima umene chiswe sichiulowa msanga. Lachitatu ndi la munthu amene wakula m'maganizo, yemwe timati ndi wokhwima nzeru kapena wokhwima m'maganizo, ndipo uku ndi kumuyamikira. Lachinayi ndi la mankhwala, pamene munthu amati anakhwima kapena anakhwimira chuma, ndipo apa mawuwa amanenedwa ndi mantha kapena mwamiseche. Lachisanu ndilo mukulisaka, la malamulo, chilango, chitetezo ndi ulamuliro umene susiya mpata wozembera.

Ntchito imeneyi ingaoneke ngati ya ana a sukulu, koma ndi imene idzakutetezeni ku cholakwa chachikulu. Mukadzapeza chiganizo chonena za mfumu yokhwima m'nkhani ya kumudzi, mtima wanu udzafulumira kunena kuti mfumuyo inali yosasekerera anthu ophwanya lamulo, pamene mwina wolembayo ankanena kuti inali yanzeru zakuya, kapenanso kuti anthu ankaiopa chifukwa cha zitsamba. Matanthauzo atatu onsewa amakwana bwinobwino m'chiganizo chimodzi chomwecho, ndipo chosiyanitsa chake chimakhala m'ndime yonse.

Pansi pa matanthauzowo lembaninso misintho ya mneniyu, chifukwa iliyonse ili ndi katundu wake. "Kukhwima" ndi mmene chinthu chilili, ndipo sikutchula amene wachititsa. "Kukhwimitsa" kumafuna mwininkhani, kaya ndi boma, apolisi, mfumu kapena mphunzitsi wamkulu. "Kukhwimitsidwa" kumavomereza kuti pali wina wachita, koma kumamubisa. "Kukhwimira" nthawi zambiri kumatsetserekera ku nkhani za mankhwala, choncho mukakupeza muzikuika padera.

Kenaka lembani mawu ena amene amalimbirana malo ndi "kukhwima": nkhanza, ukali, kuuma mtima, kuvuta, kuwawa, kulimba, kusanyengerera, kusasekerera, ndi kusunga mwambo. Wolemba nkhani aliyense anali ndi mawu onsewa pakamwa pake, ndipo pamene anasankha amodzi anasiya ena dala kapena mwachizolowezi. Kusankhako ndiye nkhani yanu yeniyeni.

Funsani mabuku otanthauzira mawu motsata zaka

Mukatero, onani zimene mabuku otanthauzira mawu analemba, koma muwatsegule motsata zaka zimene anatuluka. Lakale loti muyambire ndi la David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre, la chiyankhulo cha Chimang'anja, lomwe linatuluka mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso n'kulitulutsa mu 1929. Pambuyo pake muone Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa mu 2000, umene unakonzedwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba ndipo umatanthauzira mawu m'chiyankhulo chathu chomwe. Pa buku lililonse koperani matanthauzo monga momwe awandandalikira, osasintha dongosolo lake, ndipo muonetsetse ngati tanthauzo la malamulo lilimo kapena mulibe. Musaiwale kuti buku lotere limabwera m'mbuyo mwa anthu oyankhula, moti mawu amatha kuyenda pakamwa ndi m'nyuzipepala zaka zambiri asanalowemo. Choncho zimene mwapezamo zikhale poyambira chabe.

Dziwani eni ake a nyuzipepala

Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa nyuzipepala zakale za Chinyanja ndi Chichewa sizinali za mwini mmodzi, ndipo aliyense anali ndi chimene ankafuna kuti owerenga amve. Boma la atsamunda linali ndi Msimbi, yomwe ntchito yake inali kufotokozera anthu akuda mfundo za boma. M'zaka za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, kunalinso Bwalo la Nyasaland, imene inkachokera ku kampani ya ku Salisbury (Harare wa lero). Kumbali ya omenyera ufulu, Aleke Banda anayambitsa kanyuzipepala kotchedwa Mtendere pa Nchito mu 1959, ndipo n'komwe kunachokera Malawi News, yomwe inakhala liwu la chipani cha Malawi Congress. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nthambi ya boma yofalitsa nkhani inadzakhala ndi Boma Lathu. Mipingo nayo inali ndi zake: Akatolika anali ndi Odini ya ku Likuni ndi magazini ya Moni ya ku Limbe, pamene sinodi ya Nkhoma inali ndi Kuunika. Kutsidya kwa malire, boma la Northern Rhodesia (Zambia wa lero) linayambitsa Mutende mu 1936, momwe Chinyanja chinali chimodzi mwa ziyankhulo zake, ndipo pambuyo pake anthu a kuchigawo cha kummawa kwa Zambia ankawerenga Tsopano.

Sankhani nyuzipepala ziwiri kapena zitatu za nthawi imodzi zimene eni ake sankaona zinthu mofanana. Chifukwa chake n'chakuti lamulo limodzi lomwelo mwini wake angalitche lokhwima, kutanthauza kuti ndi lolimba ndiponso loyenera, pamene wolakwiridwa nalo angalitche lankhanza. Mukawerenga mbali imodzi yokha mudzaganiza kuti mwapeza mmene Chichewa cha nthawiyo chinalili, chonsecho mwangopeza mmene ofesi imodzi inkayankhulira.

Malo oyamba kukafunsa nyuzipepalazi ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba, kumene lamulo limafuna kuti osindikiza azipereka kope la chimene asindikiza. Laibulale ya yunivesite ku Zomba komweko ili ndi chigawo cha zolembedwa za Malawi, ndipo ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi m'nyumba yakale ya Mandala. Za mipingo ndi bwino kukazifunsanso kwa eni ake. Musananyamuke, funsani kaye kuti zaka zimene mukufunazo zilipo, chifukwa nyuzipepala zakale sizipezeka zonse pamalo amodzi, ndipo n'zowawa kulipira basi kuchokera ku Mzuzu n'kukapeza kuti chaka chomwe mumachifuna ndi chimene chikusowa.

Sankhani nthawi zimene boma linalimbitsa dzanja

Musayese kuwerenga zonse kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, chifukwa mudzatopa musanapeze kanthu. Mawu onena za kusanyengerera amachuluka pamene olamula akufinya anthu, choncho pitani kumene kuli utsi.

Nthawi yoyamba ndi ya malamulo a malimidwe, amene anakula mphamvu pamene Sir Geoffrey Colby anali bwanamkubwa, kuyambira mu 1948 mpaka mu 1956. Alimi ankakakamizidwa kupanga mizere ndi migula yoteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, zimene zinakwiyitsa anthu ambiri m'midzi ndi kupereka mphamvu kwa andale otsutsa boma. Iyi ndi nthawi yokoma kwambiri kwa wofufuza mawu athuwa, chifukwa m'nkhani imodzi ya zaulimi mungathe kukumana ndi mbewu zokhwima ndi malamulo okakamiza pa tsamba limodzi, ndipo mudzaona ngati wolembayo anagwiritsa ntchito mawu amodzi pa zonse ziwiri kapena anasankha ena ponena za malamulowo.

Yachiwiri ndi miyezi yotsatira tsiku la 3 Malichi 1959, pamene bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, n'kumanga Dr Kamuzu Banda pamodzi ndi atsogoleri ena ambiri a chipani cha Nyasaland African Congress. Yachitatu ndi zaka za chipani chimodzi, makamaka 1968 pamene kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndi 1973 pamene kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Yachinayi ndi kuyambira pa kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma ya pa 8 Malichi 1992, kudutsa pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kufikira chisankho cha mu Meyi 1994, pamene nyuzipepala zatsopano zinabadwa zambiri ndipo zimene zinkanenedwa mobisa zinayamba kulembedwa poyera.

Pa nthawi iliyonse tengani miyezi itatu kapena inayi, ndipo muwerenge nkhani za m'makhothi, zilengezo za boma, ndemanga ya mkonzi ndi makalata a owerenga. Makalatawo musawadumphe, pakuti ndi mmene chiyankhulo cha anthu wamba chimalowera m'nyuzipepala, ngakhale kuti mkonzi ankawasefa. Kuti mukhale ndi poyerekezera, tenganinso miyezi ingapo ya chaka chabata, komanso masamba angapo a masiku ano monga a Tamvani, Tikambe kapena Fuko.

Zolowerani kalembedwe kakale

Mawu amene mukuwasaka sadzaoneka nthawi zonse monga timawalembera lero. Dzina lakuti Chichewa linalowa m'malo mwa Chinyanja ku Malawi mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake a kalembedwe anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Zolembedwa zambiri za m'mbuyo mwake zinali ndi "c" pamene ife timalemba "ch", moti mudzaona "cilango" ndi "cifukwa", monga zilili m'Baibulo lakale lija la Buku Lopatulika ndi m'zolembedwa zambiri za ku Zambia mpaka lero. Dzina la Mtendere pa Nchito likukuonetsani kale kuti "ntchito" inkalembedwa popanda "t" woyambayo. Amishoni oyambirira a ku Blantyre nthawi zambiri sankalemba "h" wosonyeza mpweya, kotero kuti "mphamvu" ankalemba "mpamvu", ndipo n'chifukwa chake muyenera kuyang'ana "kwima" pamodzi ndi "khwima".

Ngati mwapeza masamba ojambulidwa amene kompyuta ingathe kusakamo mawu, musalembe liwu lonse, koma tsinde lokha, "khwim" ndi "kwim", kuti mugwire wokhwima, lokhwima, zokhwima, akhwimitsa ndi ena onse nthawi imodzi. Ngakhale zili choncho musaikhulupirire kwambiri kompyutayo, chifukwa inki yakale inafufutika, ndipo mizati ya nyuzipepala ndi yopapatiza moti mawu ataliatali a Chichewa ankadulidwa pakati kumapeto kwa mzere. Masamba ofunika muwawerenge ndi maso anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koperani mokwanira

Pa chiganizo chilichonse chimene mwapeza lembani dzina la nyuzipepala, tsiku, tsamba, mutu wa nkhani ndi mtundu wa nkhaniyo. Koperani chiganizocho pamodzi ndi chimene chili patsogolo pake ndi pambuyo pake, m'kalembedwe kake komweko, osakonza ngakhale chilembo chimodzi. Tengani pensulo, ndipo mupemphe chilolezo musanajambule tsamba ndi foni.

Funsani chiganizo chilichonse mafunso atatu

Funso loyamba ndi lakuti, chokhwimacho n'chiyani? Gawani zimene mwapeza m'magulu: mbewu ndi zinthu, munthu, lamulo, chilango, chitetezo. Gulu la munthu mulisamale koposa, chifukwa ndi limene lili ndi misampha. Ponena za munthu wosanyengerera, pakamwa pathu pamabwera msanga mawu akuti waukali, wovuta kapena wosasekerera zopusa, ndipo mphunzitsi wamkulu amene ana ankamuthawa sitifulumira kumutcha wokhwima, kuopa kuti womva angaganize za mankhwala. Choncho mukapeza munthu atatchedwa wokhwima, werengani nkhani yonse kawiri musanamuike m'gulu.

Funso lachiwiri ndi lakuti, wakhwimitsa ndani? Tiyerekeze ndi ziganizo zitatu zongopeka: "Malamulo a msonkho ndi okhwima", "Malamulo a msonkho akhwimitsidwa", ndi "Boma lakhwimitsa malamulo a msonkho". Choyambacho chikuonetsa malamulowo ngati chipatso chimene chafika pake chokha, popanda dzanja la munthu. Chachiwiri chikuvomereza kuti dzanja lilipo koma sichikulitchula. Chachitatu chikuloza chala. Kwa ine apa ndi pamene pagona mphamvu ya mawuwa, chifukwa amatenga ulemu wa mbewu yokhwima ndi wa munthu wokhwima nzeru n'kuuveka lamulo, mwakuti lamulo lopweteka limamveka ngati lakupsa ndi loganiziridwa bwino. Mawu akuti nkhanza alibe ulemu wotere. Werengani kuti mtundu uliwonse wa chiganizo wapezeka kangati m'nyuzipepala iliyonse, ndipo muone ngati ya boma ndi ya otsutsa zikusiyana.

Funso lachitatu ndi lakuti, kodi chiganizochi chinabadwira m'Chichewa kapena chinamasuliridwa? Chiyankhulo cha maofesi a boma, cha malamulo ndi cha zigamulo zolembedwa chinali Chingelezi, choncho zilengezo zambiri zinkayamba m'Chingelezi kenaka n'kuperekedwa kwa womasulira. Chingelezi chili ndi mawu angapo osiyana, monga strict, severe ndi tight, amene womasulira wa lero amatha kuwathira onse m'dengu limodzi la "kukhwima". Kuti muone chimene womasulira wakale ankachita, funani nkhani yomweyo m'Chingelezi, kaya pa tsamba lina la nyuzipepala yomweyo, kaya mu Nyasaland Times ya sabata imeneyo, kaya m'gazeti ya boma momwe munasindikizidwa lamulolo, ndipo muike ziganizo ziwirizo pafupi. Zizindikiro za nkhani yomasuliridwa sizivuta kuziona: ziganizo zimatalika mopanda mpumulo, mneni wobisa wochita amachuluka, ndipo simupezeka mwambi ngakhale umodzi. Mukapeza kuti tanthauzo la malamulo likuchuluka m'nkhani zomasuliridwa koma likusowa m'makalata a owerenga a chaka chomwecho, mwagwira chinthu chofunika, ndipo muchilembe pamodzi ndi ziwerengero zake.

Lembaninso pamene mawuwa palibe

Wofufuza wongoyamba kumene amakhumudwa akawerenga mwezi wathunthu osapeza liwu lomwe akulifuna, koma kusowako nakonso ndi umboni. Pa nkhani iliyonse yonena za lamulo lofinya imene ilibe "kukhwima", lembani mawu amene aima m'malo mwake. M'zaka za chipani chimodzi muyang'anitsitse mawu akuti mwambo, pakuti ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo nkhani ya kavalidwe kapena ya tsitsi lalitali la anyamata inali yosavuta kuifotokoza ngati kuteteza mwambo m'malo mwa kukhwimitsa lamulo. Kumbukiraninso kuti mtolankhani wa nthawi imeneyo ankatha kutsekeredwa popanda mlandu chifukwa cha zimene walemba, choncho kusapezeka kwa mawu akuti nkhanza m'nyuzipepala za zaka zimenezo sikukuuzani kuti anthu sankawanena m'nyumba zawo. Ziwerengero za m'zaka zimenezo muziike pambali pa za 1993 ndi 1994, pamene olemba anayamba kufotokoza malamulo omwewo poyang'ana m'mbuyo.

Pitani nazo kwa achikulire

Mukasonkhanitsa ziganizo makumi angapo, sankhani zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene zakuvutani, ndipo mukawawerengere anthu amene anali achinyamata m'zaka zimenezo, makamaka aphunzitsi opuma, akalaliki akale a m'makhothi ndi amene anagwirapo ntchito yofalitsa nkhani. Musawafunse kuti, "Kodi agogo, apa akutanthauza lamulo losanyengerera?" chifukwa mwaulemu wawo adzangovomera. Werengani chiganizocho, kenaka mufunse kuti, "Agogo, pamenepa inu mukumvapo chiyani?" ndipo mulembe mawu awo enieni. Funsani anthu a madera osiyana, wa ku Dedza, wa ku Chikwawa, wa ku Chipata ngati mungamupeze, popeza liwu limodzi limalemera mosiyana malinga ndi dera.

Polemba zimene mwapeza

Nenani zokhazo zimene masamba anu akukulolani kunena. Ngati chiganizo chakale kwambiri chimene mwapeza ndi cha chaka chakutichakuti, lembani kuti ndicho chakale kwambiri mwa zimene mwawerenga, osati kuti ndi pamene tanthauzolo linayambira, chifukwa wina adzatsegula nyuzipepala imene inu simunaione n'kupeza chakale koposa. Tchulani nyuzipepala ndi miyezi imene mwawerenga, chiwerengero cha nkhani zonse, ndi chiwerengero cha ziganizo m'gulu lililonse. Ziganizo zimene zakukanikani kuzigawa muziike m'gulu lakelake ndipo muzisonyeze zonse, pamodzi ndi zimene achikulire aja ananena pa chilichonse. Potchula mawu a m'nyuzipepala sungani kalembedwe kake kakale, ndipo ngati nkhaniyo ndi ya m'khothi yokhudza munthu wamba, chotsani dzina lake n'kusiya chiganizo chokha, popeza ana ndi adzukulu ake akadali moyo ndipo chimene inu mukufuna ndi mneni, osati mlanduwo.